Kodi ISO ndi imene imabweretsa timadontho pa zithunzi?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Amajambula maukwati ndi kamera ya Canon yokhala ndi lenzi ya 18-55mm. Akuti zithunzi za m'holo madzulo zimadzaza timadontho, ndipo anzawo anawalangiza kuti asamapitirire ISO 400 (ISO ndi nambala ya pa kamera imene ukaikweza chithunzi chimawala). Anamvera, koma zithunzi zimatuluka zakuda, ndipo akaziwalitsa pa pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom timadontho timachuluka kuposa kale. Akufunsa kuti vuto lili pati.

Achimwene, vuto lalikulu ndi kuchepa kwa kuwala kofika pa sensa, kachipangizo ka m'kamera kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi.

Kuwala kumafika ngati tizidutswa totchedwa mafotoni, ndipo mafotoniwo satera mofanana pa mapikiselo onse, omwe ndi tizigawo ting'onoting'ono ta sensa. Zili ngati mvula: ikangowaza, pansi pamaoneka mawangamawanga, koma ikagwa yambiri bwalo lonse limanyowa mofanana. Pikiselo ikalandira mafotoni 100, chiwerengerocho chimasinthasintha ndi pafupifupi 10, kutanthauza 10 peresenti. Ikalandira 10,000, chimasintha ndi 100, yomwe ndi 1 peresenti chabe. Choncho kuwala kukachuluka kanayi, timadontho timachepa ndi theka.

ISO siwonjezera fotoni ngakhale imodzi. Imangokweza zimene sensa yalandira kale. Anthu amaidandaula chifukwa amaikweza pokhapokha kukakhala mdima, pamene timadontho tilipo kale. Ndipotu pa makamera ambiri, makamaka a Canon akalekale, kujambula pa ISO 3200 kumatulutsa chithunzi cha timadontho tochepa kuposa kujambula pa 400 n'kuwalitsa pa kompyuta, chifukwa kukwezako kumachitika zamagetsi za m'kamera zisanawonjezere timadontho tawo. Malangizo a anzanuwo ndi amene akukupwetekani.

Ine ndikanayamba ndi lenzi. Yanuyo ikafika pa 55mm imatseguka mpaka f/5.6 basi (nambala ya f ikachepa, ndiye kuti lenzi yatseguka kwambiri). Lenzi ya 50mm f/1.8, yomwe ndi imodzi mwa zotchipa kwambiri, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Palibe pulogalamu imene ingakupatseni zimenezo.

Kenako shutter, imene imatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kufike pa sensa. Pa nthawi ya malangizo, akwati atakhala phee, 1/60 ya sekondi imatheka ngati manja anu sanjenjemera. Koma pa perekaniperekani anthu akuvina, shutter isachedwe kuposa 1/250 ya sekondi. Pamenepo kwezani ISO mopanda mantha, chifukwa timadontho timachepetseka pokonza, makamaka mukajambula mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yalandira), pomwe nkhope yosaoneka bwino chifukwa cha kugwedezeka simungaibweze. Ngati siling'i ya holoyo ndi yoyera komanso yosatalika, lozetsani fulashi m'mwamba kuti kuwala kubwerere pa anthu mofewa.