Za 666 ndi chizindikiro cha chilombo

Mayi, mwafunsa ngati katemera ndi chiphaso cha unzika ndizo chizindikiro cha chilombo, popeza ena kumpingo kwanu akukuopsezani kuti mukazilandira mwagulitsa moyo wanu. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo zifukwa zake zili m'buku la Chivumbulutso momwemo.

Pa mutu 13, Yohane ali pa chisumbu cha Patmos anaona chilombo cha mitu 7 ndi nyanga 10 chikutuluka m'nyanja, thupi ngati la nyalugwe, mapazi ngati a chimbalangondo, pakamwa ngati pa mkango. Nyama zimenezi zili kale pa Danieli 7, pomwe Danieli anauzidwa kuti zikuimira mafumu ndi maufumu. Chilombo tsono ndi ulamuliro umene walandira mphamvu kwa chinjoka, chomwe mutu 12 ukunena poyera kuti ndi Satana. Mutu 17 ukuti mitu 7 ija ndi mapiri 7 pomwe pakhala mkazi wotchedwa Babulo, ndipo masiku amenewo mzinda wodziwika ndi mapiri 7 unali Roma.

Nambala ya chilombocho, 666, ndiyo imasokoneza ambiri. M'Chihebri ndi m'Chigiriki zilembo zinkagwiranso ntchito ya manambala, moti dzina lililonse linkatha kuwerengeredwa. Dzina la Nero Kaisara likalembedwa m'zilembo za Chihebri limakwana 666, ndipo Nero ndi mfumu ija inapha Akhristu mwankhanza powanamizira kuti ndiwo anatentha Roma m'chaka cha 64. Mipukutu ina yakale ili ndi 616, yomwe ndi nambala ya dzina lomweli likatchulidwa monga Aroma ankalitchulira. Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, ankaidziwa 616 cha m'ma 180 ndipo anaikana, koma ngakhale iye sanafune kuloza munthu chala. Anati nkwabwino kudikira kusiyana ndi kulosera mayina. Ndimalakalaka alaliki a lero akanakhala ndi kudziletsa kotere.

Nzoona kuti Akhristu sagwirizana pa zonse. Ena amati ulosiwu unakwaniritsidwa m'nthawi ya Roma, ena akuyembekezera wolamulira mmodzi woipa kumapeto kwa dziko, ndipo Martin Luther analoza upapa wa m'masiku ake. Koma chimene lembalo likubwereza nchimodzi, ndicho kulambira. Chilombo chachiwiri cha pa mutu 13, chomwe chimatchedwanso mneneri wonyenga, chimakakamiza anthu kugwadira fano, ndipo pa 14:9 kulambira chilombo ndi kulandira chizindikiro zatchulidwa pamodzi. Dzanja ndi mphumi, pomwe chizindikirocho chimaikidwa, zikukumbutsa Deuteronomo 6:8, pomwe Aisraele anauzidwa kumanga mawu a Mulungu pa malo omwewo, ndiponso anthu a Mwanawankhosa ali ndi dzina lake pamphumi, koma palibe amene amati limenelo nlolembedwa ndi inki. Cha m'ma 112, bwanamkubwa wachiroma Pliny ankayesa Akhristu powauza kuti afukize lubani pa fano la mfumu Trajan ndi kutukwana Khristu, ndipo okana ankaphedwa. Mayesero a m'bukuli ndi otere.

Polembetsa chiphaso kapena pobayitsa mwana kusikelo, palibe amene amakuuzani kuti mukane Yesu. Pitani nawo anawo akalandire katemera wa chikuku ndi poliyo, ndipo mupemphe abusa anu kuti awerenge nanu mitu 13 ndi 14 yonse, pamaso pa amene akukuopsezaniwo.