Wogulitsa, wooda kapena venda: tiwatchule bwanji?

Funso: Ndimagwira ntchito m'sitolo ina ku Down Shops kuno ku Chipata. Abwana andiuza kuti ndilembe chikwangwani cha mtengo wa anthu amene amagula katundu wambiri kwa ife n'kukagulitsa kumakomboni ndi kumidzi. Kodi ndikalemba kuti "mtengo wa ogulitsa" zimveka?

Yankho: Zimveka ndithu mayi, koma mawuwo ndi otambalala. Wogulitsa ndi aliyense amene wapereka chinthu n'kulandira ndalama. Abwana anuwo ndi ogulitsa, mlimi wobwera ndi matumba a mtedza kuchokera ku Katete nayenso ndi wogulitsa. Chikwangwani chotero sichisiyanitsa inu ndi makasitomala anu.

Anthu amene mukunenawa timawadziwa ndi kagulidwe kawo. Amaoda. Kuoda, mawu obwereka ku Chingelezi koma okhazikika kale, ndi kugula zambiri n'cholinga chokagulitsa pang'onopang'ono. Mayi amaoda thumba la ufa la makilogalamu 25 n'kuligawa m'timapepala ting'onoting'ono totchedwa pamela. Wina amaoda chigubu cha saladi (mafuta ophikira) cha malita 20 n'kumathira m'timabotolo, wina bokosi la tomato n'kumaika milu. Choncho lembani kuti "mtengo wa ooda" kapena "mtengo wooda". Mukawoloka chipata cha Mwami kulowa ku Mchinji mumvanso kuti kupikula, ndipo anthuwo ndi opikula. Tanthauzo ndi lomwelo.

Pamene ambiri amasokoneza ndi apa: wooda ndi wogula, woodetsa ndi wogulitsa. Sitolo yanuyo imaodetsa. Mukalemba "mtengo wa oodetsa" mwatembenuza nkhani, ndipo wowerenga aganiza kuti ndi mtengo umene inu munagulira. Onaninso kalembedwe. Timati kuodetsa ndi -ets- chifukwa tsinde lili ndi o, koma kupikulitsa ndi kugulitsa ndi -its- chifukwa muli u. "Kuoditsa" ndi kulakwa. Ndipo musadule o mmodzi: munthu mmodzi ndi wooda, ambiri ndi ooda, monga wogulitsa ndi ogulitsa. Mukalemba "oda" mwatchula katundu woodedwayo, osati anthu. Paja "ogulitsa" limathanso kunena munthu mmodzi mwaulemu, monga "ogulitsa achokapo, dikirani".

Mawu akuti venda, ambiri mavenda, musawaike pachikwangwani. Venda ndi amene amagulitsa m'mbali mwa msewu kapena choyenda, wopanda malo okhazikika. Mayi amene ali ndi tebulo lake mumsika wa Kapata, amalipira msonkho wa pamsika, mukamutcha venda akhoza kukhumudwa, ndipo ali ndi chifukwa. Iyeyo ndi wamalonda, ndipo pomuitana timati "amayi amalonda" kapena kutchula katundu wake: amayi a tomato, abambo a makala.

Kantemba si munthu, ndi kasitolo kakang'ono ka malata kapena matabwa. Munthuyo ndi mwini kantemba. Pochulukitsa, anthu kuno amati tuntemba, ngakhale kuti Chichewa cha m'mabuku chimachulukitsa ka- ndi ti-, monga kamwana, tiana. Polemba za kuno ine ndimasankha tuntemba, chifukwa ndi mmene eni ake amatchulira.

Pachikwangwani chanu ikani mizere iwiri: "Mtengo wooda" ndi "Mtengo wa chimodzichimodzi". Pansi pake onjezani kuti kuoda kumayambira pa zingati, kaya dazeni kaya katoni, kuti pakauntala pasakhale mkangano.