Yankho: mankhwala amodzi a HIV ndi malungo alipo?

Achemwali, mwafunsa ngati kuli piritsi limodzi lolimbana ndi HIV komanso malungo, poti mwatopa kumwa ma ARV kenako LA pamwamba. Pakadali pano kuchipatala kulibe, koma akatswiri akuyesa ndithu. Chovuta n'chakuti HIV ndi vayirasi pomwe malungo amabwera ndi kachilombo ka Plasmodium kochokera kwa udzudzu, ndiye kupeza chinthu chimodzi chogunda zonse ziwiri osapweteka chiwindi ndi ntchito ya zaka zambiri, amayamba ku labu, kenako nyama, kenako anthu.

Chiyembekezo chilipo chifukwa ma ARV ena, monga lopinavir/ritonavir, anaoneka ku Uganda mu 2012 kuti ana omwe amamwa samadwalanso malungo pafupipafupi. Komanso Bactrim amene ambiri timalandira uja amathandizako kuteteza ku malungo, n'chifukwa chake mayi woyembekezera amene ali pa Bactrim sapatsidwa SP (Fansidar), mankhwala oteteza amayi oyembekezera ku malungo.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi anthu omwe amva zimenezi n'kusiya kugona mu neti. Ayi chonde. Malungo amazolowera mankhwala msanga, paja dziko lathu linasiya chloroquine mu 1993 atasiya kugwira. Thupi likatentha pitani mukayezetse, kaya ku Queens kaya ku helefu senta ya kwanu ku Ndirande, ndipo muwauze adokotala ma ARV amene mukumwa, chifukwa efavirenz amachepetsa mphamvu ya LA m'magazi. Ndipo LA mumalize yense masiku atatu aja, olo mutamva bwino mawa lake.