Mbaula isagone m'nyumba: yankho kwa amake mwana a ku Kanyama

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Kanyama, dzina sinditchula. Anasamukira ku Lusaka mu October kuchokera ku Luangwa boma, ali ndi mwana wa miyezi 4, ndipo akukhala mu rumu imodzi ya malata yopanda siling'i. Alemba kuti: "Kuzizira kwa masiku ano sindinakuonepo, usiku timanja ta mwana timachita kuti zii. Apongozi anga akuti tizilowetsa mbaula pogona bola malasha afiire kaye utsi uthe, amuna anga akuvomereza. Ine mtima ukukana koma ndilibe choyankha. Nanga Lusaka imazizira chonchi chifukwa chani, ndipo zidzatha liti?"

Amake mwana, zikomo polemba, ndipo mtima wanuwo ukunena zoona. Mbaula isagone m'nyumba. Olo malasha afiire psuu, olo utsi usaoneke ngakhale pang'ono, olo akuuzeni kuti ndi usiku umodzi chabe. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mwina muwerenga mwana ali kumsana nsima ili pamoto osafika kumapeto, ndiye mukaiwala zina zonse ichi chokha chikhale.

Chimene chimapha anthu pa mbaula si utsi umene timauona uja ayi. Malasha akamayaka, makamaka m'malo otsekeka mopanda mpweya wokwanira, amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, ndipo umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, sulowa m'maso. Malasha ofiira bwinobwino aja amautulutsabe, ngakhale aja ooneka ngati azima ali pansi pa phulusa. Ukalowa m'mapapo umakagwira magazi pamalo pomwe pamayenera kukhala okosijeni, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa okosijeniyo koposa ka 200, ndiye munthu akupuma ndithu chifuwa chikukwera ndi kutsika koma ubongo ndi mtima sizikulandira kanthu. Kwa munthu amene ali maso zimayamba ndi mutu kuwawa, chizungulire, nseru, miyendo kulefuka, maganizo kusokonezeka. Koma amene ali m'tulo samva chilichonse, tulo timangopitirira basi. Nthawi zina munthu amadzidzimuka n'kuona kuti zinthu sizili bwino koma mphamvu zoti afike pachitseko alibe. Mwana wa miyezi 4 amapuma mofulumira kuposa inu ndipo kathupi n'kakang'ono, iyeyo ndi amene amayamba kugwidwa, ndipo sanganene kuti mutu ukuwawa.

Nyengo yozizira ikafika sitilephera kumva pa wailesi kuti apolisi apeza anthu atafa m'nyumba yotseka, mbaula ili pakona. Ine nkhani zimenezi zimandipweteka kwambiri chifukwa anthuwo sikuti anali opusa, ankangofuna kuti ana asagone ndi mphepo.

Apongozi anuwo sakufunirani zoipa, ndipo zimene akunena zili ndi pochokera. Kumudzi anthu akhala akugona ndi moto m'nyumba kuyambira kalekale, koma taganizani nyumba yake: denga la udzu limapuma, pakati pa khoma ndi denga pali mpata, chitseko sichikhala chothina, komanso nkhuni zimafuka utsi woti umakutsokomoletsa n'kukudzutsa. Ngakhale kumeneko ngozi zimachitika ndithu. Manje rumu ya mu komboni ndi ya mabuloko ndi simenti, windo imodzi yaing'ono, ndiye chifukwa cha kuzizira komweku timatseka windoyo kuti gwa, pansi pa chitseko n'kutsekapo ndi chisanza, mabowo a mpweya aja ena anamata kalekale ndi manyuzipepala chifukwa cha fumbi ndi udzudzu. Mpweya woipawo ulibe kotulukira. Nzeru ya kumudzi ija ikalowa mu rumu yotere imasanduka ngozi.

Ena amati tsegulani windo pang'ono, ena amati ikani beseni la madzi pafupi, ena kuwaza mchere pa malasha. Madzi ndi mchere sizichotsa poizoniyo olo pang'ono, ndipo kampata ka windo simungakadalire inu muli m'tulo, mphepo ikangoleka kuwomba mpweya umadzadzanabe. Phikirani panja kapena pakhomo chitseko chili chotsegula, otherani komweko, mukatha mbaula itsale panja pamalo poti mwana woyenda sangaifikire. Jenereta nayonso chimodzimodzi, magetsi akapita isalire m'nyumba kapena pakhonde lotsekeka.

Zikachitika kuti mwadzuka nonse mutu ukuwawa, kapena mwapeza aneba ali lefu mbaula ili mkati, tsegulani chitseko ndi mawindo, atulutsireni panja msangamsanga, kenako kuchipatala. Kwanuko chipatala cha Kanyama chili pafupi, ndipo zikakula amatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH. Mankhwala ake ndi okosijeni. Mkaka umene anthu amathamangira kumwetsa uja suchotsa poizoni m'magazi, ndipo munthu amene wakomoka osamuthira chilichonse m'kamwa, angatsamwe. Olo atsitsimuke n'kunena kuti ndili bwino, apitebe akamuone.

Nanga mwana afunde bwanji? Rumu ya malata yopanda siling'i simungaitenthetse usiku wonse, kutentha kumathawira kudenga, ndiye musavutike ndi rumu, samalani thupi ndi pogona. Mwana avale zovala zingapo zopyapyala mosanjikiza, kuposa inu ndi chimodzi kapena ziwiri, kuphatikiza kachipewa ndi masokosi, chifukwa mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake ndipo umataya kutentha kwambiri. Timanja tozizira tokha tisakuopseni, makanda ambiri amatero. Mugwireni pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, pakakhala pofunda ali bwino, pakakhala thukuta mwamufunditsa mopitirira chotsaniko chimodzi, pakazizira muikeni pachifuwa panu khungu kukhudza khungu mufunde limodzi ndipo muyamwitseni. Akapanda kufunda kapena akakana bere, kuchipatala. Agone chagada, bulangete lolemera lisafike kumaso, neti ya udzudzu musaisiye poti kwazizira. Thewera likanyowa sinthani pompo olo ndi pakati pa usiku, chonyowa chimaziziritsa kuposa mphepo. Kusamba musambitseni masana dzuwa lili pamutu osati m'mamawa kapena madzulo, ndipo kudumphitsa tsiku n'kumupukuta chabe si mlandu. Pa miyezi 4 bere lokha likwanira, tiyi ndi phala ayi mpaka miyezi 6.

Pansi pa simenti pamakoka kutentha kwa thupi moopsa, anthu ambiri amaunjika mabulangete pamwamba kuiwala pansi. Ngati matiresi ali pansi yalani kaye makatoni awiri atatu, kenako mphasa kapena masaka, matiresi pamwamba, ndipo asagunde khoma. Makatoni mungapemphe pa mashopu. Botolo la madzi ofunda lotseka bwino, lokulunga mu chitenje, liikeni pogona kwa kanthawi kenako mulichotse musanagoneke mwana. Kudenga, amene angakwanitse amakhoma masaka kapena makatoni pansi pa malata ngati siling'i ndipo zimathandiza ndithu, bola zitalikirane ndi mawaya a magetsi ndi kandulo. Majuzi, zipewa ndi masokosi a ana ku salaula ku Soweto Market amapezeka, kungoti June akafika mitengo imakwera, chaka chamawa mudzagule mu March kapena April. Muchape ndi kuyanika padzuwa musanamuveke.

Pali china choti ndinene, ndipo abambo a mwana asakhumudwe. Mowa sutenthetsa thupi. Kachasu amatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kutentha pomwe kutenthako kukutuluka, n'chifukwa chake amene wagona panja ataledzera mu July amakhala pangozi yeniyeni. Komanso munthu amene wamwa asagone pafupi ndi khanda, sangamve akaligonera.

Nyengo ino ndi ya chimfine ndi chifuwa, poti timaunjikana m'nyumba zotseka ndipo mpweya ndi wouma wafumbi. Chimfine wamba chimatha chokha koma chibayo sichidikira. Mwana akakhala phee osalira, muvuleni pachifuwa muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya foni. Pa msinkhu wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposa ndi kofulumira, kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi ka 40, kwa wosakwana miyezi 2 ndi ka 60. Mukaona pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, kapena akulephera kuyamwa, akungogona osadzuka bwino, musadikire kuti kuche. Ndipo poti mbaula ikhala pakhomo madzulo ana akuothera, wina akapsa thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira.

Tsopano funso lanu loti Lusaka imazizira chonchi bwanji. Inu mwachokera kuchigwa. Ku Luangwa boma, pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, ndi kumalo otsika kwambiri mu Zambia yonse, mamita 300 ndi kanthu kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye thupi lanu silikunama, mwasamukira kumalo ozizira ndithu. Kuwonjezera apo mu June dzuwa limakhala litapendekera kumpoto, pa 21 June kapena pafupi ndi pamenepo ndi pomwe usiku umatalika kwambiri kuno kummwera, dzuwa limatuluka mochedwa cha m'ma 06:30 ndipo silikhala ndi ukali.

Koma chachikulu ndi kumwamba koyera. Masana nthaka imatentha, usiku imabweza kutenthako kumwamba, ndipo mitambo ikakhalapo imagwira ntchito ngati chivundikiro pa poto wa nsima. Mu June ndi July mvula kulibe, mpweya ndi wouma, usiku wambiri nyenyezi zili mbee, ndiye kutentha kumangothawa usiku wonse mpaka kufika pozizira kwambiri cha m'ma 05 dzuwa lisanatuluke, nthawi yomwe amayi a pamsika ndi makondakitala a minibasi ali kale pamsewu. Masiku wamba Lusaka usiku imakhala pa madigiri 10 kapena kutsikirapo pang'ono, masana 22, 23, koma pamabwera masiku ena ngati anowa pomwe mphepo yozizira yochokera kummwera, ku South Africa ndi kunyanja ya Indian Ocean, imakankhidwira kuno, ndiye usiku zimatsika kufika pa 5 kapena kucheperapo. Nthawi zina mphepoyo imabwera ndi mitambo yotuwa tsiku lonse dzuwa osaoneka, aku Malawi amati chiperoni, masana ake amazizira kwambiri koma usiku woopsa ndi uja wotsatira mitambo ikachoka mphepo n'kuleka. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetserekera kumalo otsika, n'chifukwa chake kumadambo ndi m'mbali mwa mitsinje kumagwa chisanu mpaka tomato ndi masamba a nthochi kupserera, alimi a madimba amazidziwa bwino. Kumadzulo ndi kummwera kwa dziko, monga ku Sesheke komwe kuli mchenga, zimafika mpaka pansi pa 0.

Za apongozi, ine ndingati musalimbane nawo nokha, mpongozi kutsutsa apongozi pamaso zimavuta ndipo nkhani imasanduka ya ulemu m'malo mwa mbaula. Yambani ndi amuna anu muli awiri, awerengereni zimene ndalembazi, iwowo ndi amene akalankhule ndi amayi awo. Mukapita kusikelo atengeni apongoziwo, mufunse anesi funso lomweli iwo ali pompo amve okha. Ndipo apempheni kuti akuthandizeni zina, kuyala makatoni, kufunditsa pogona ndi botolo, kumufukata mdzukulu madzulo inu mukuphika, aone kuti nkhawa yawo mwaimva. Koma zonsezi zikakanika, inu ndinu mayi wa mwana, nyamulani mbaula muitulutse, adzakwiya masiku angapo n'kuiwala.

Zakuti zidzatha liti, kuzizira koopsa chonchi kumabwera m'magulumagulu, masiku angapo kenako kumapepukako kenako n'kubweranso, ndiye muzimvera zanyengo pa ZNBC kapena kuona zimene a Zambia Meteorological Department amalengeza pa Facebook, amachenjeza kukamabwera kuzizira kwambiri. July yense muwerengere kuti ndi wozizira. August amayamba ndi m'mawa wozizirabe komanso mphepo yafumbi, ndiye Vaseline pamasaya ndi pamilomo ya mwana musamusiye, koma pofika kumapeto kwake mudzayamba kuchotsa bulangete limodzi, September kwatentha. Mudzandilembere mmene nkhani yayendera kunyumbako komanso mmene mwana akugonera.