Funsani Tikuyankheni: Kodi bwalo la sukulu yathu lingadzukenso?

FUNSO

Akonzi, ndine bambo wa ana anayi ndipo ndimakhala m'tauni ina yaing'ono kuno ku Chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia. Ndinaphunzira pa sekondale ya boma ya kwathu konkuno, imene m'masiku athu inkadziwika ndi liwiro. Temu yoyamba ikafika pakati tinkatchetcha udzu ndi zikwakwa, n'kulemba mizere ndi laimu kapena phulusa, ndipo tsiku la mpikisano wa mahausi (magulu a ophunzira a pasukulu yomweyo) ngakhale amayi a pamsika ankasiya malonda awo kudzaonerera. Opambana ankakwera lole kupita ku Chipata. Lero mwana wanga wamkazi ali pasukulu yomweyo ndipo ndi waliwiro kuposa mmene ndinalili ine, koma patha zaka zitatu popanda mpikisano. Mbali ina ya bwalo alimapo chimanga, ndipo njira ya njinga yadula pakati. Ndikafunsa, amati ndalama palibe. Kodi ife makolo ndi ophunzira akale tingachitepo chiyani?

Wophunzira wakale, Kum'mawa

YANKHO

Bambo, aphunzitsi amene akukuuzani za ndalama sakunama. Kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma linakhazikitsa maphunziro aulere, makolo anasiya kulipira ndalama za sukulu ndi za PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), ndipo m'masukulu ambiri zopereka zimenezi ndi zimene zinkagula mipira ndi mafuta a lole. Tsopano sukulu imadalira thumba lochokera ku boma, limene liyenera kukwanira choko, mapepala a mayeso, magetsi ndi madzi, pamene ana nawonso achuluka m'makalasi. Maphunziro aulere ndi chinthu chabwino chimene chabweza ana ambiri kusukulu, koma masewero akhala akutsalira kumapeto kwa mndandanda.

Komabe, m'kalata yanu chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chimanga ndi njira ya njingayo, chifukwa mpira ukaphulika umagulidwa wina, koma bwalo likangomangidwapo nyumba imodzi silibwereranso. Yambani ndi malowo. Pitani kwa aphunzitsi aakulu muli atatu kapena anayi, mwaulemu, mukapemphe kuona mapu a malire a sukulu, ndipo ngati palibe, komiti ya makolo ilembe kalata ku khonsolo ndi ku ofesi ya DEBS, imene imayang'anira masukulu m'boma lanu. Ngati sukulu inamangidwa pamalo operekedwa ndi mfumu, anyakwawa ndi akuluakulu a m'mudzi amene anaona malirewo akuikidwa ayitanidwe adzaloze okha. Za chimangacho musafulumire kukwiya, pakuti mwina ndi munda wa sukulu womwe umathandiza kudyetsa ana. Dikirani akolole mu Epulo kapena Meyi, mugwirizane malo ena olimapo, kenako mubzale khonje kapena mitengo m'malire monse kuti wanjinga aliyense aone kuti pano mpoletsedwa.

Bwalo likapezeka, mudzaona kuti mwa masewero onse liwiro ndi limene silidya ndalama zambiri. Chofunika ndi chingwe choyezera mamita 400 kuzungulira bwalo la mpira, matumba angapo a laimu, wezulo, timitengo ta mpikisano wopatsirana, ndi mphunzitsi mmodzi wokhala ndi kope lolembamo mayina ndi nthawi. Kope limeneli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa mwana akawerenga kuti mtsikana wina anathamanga mamita 400 pabwalo lomwelo m'nthawi yakutiyakuti zaka khumi zapitazo, amakhala ndi munthu womuthamangitsa ngakhale pamene anzake onse wawasiya kumbuyo. Ngati zikho zakale zikadali mukabati ya muofesi, zipukutidwe n'kuikidwa pamene ana amadutsa.

Kumbukiraninso kuti mu 1958 Yotam Muleya, mnyamata wa ku Choma, anapambana Gordon Pirie wa ku Britain pa mpikisano wa mamailosi atatu ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo anathamanga wopanda nsapato. Samuel Matete anakhala katswiri wa dziko lonse pa mamita 400 olumpha zotchinga ku Tokyo mu 1991, n'kutenganso mendulo ya siliva ku Atlanta mu 1996, ndipo Muzala Samukonga anabwera ndi mendulo ya buronzi pa mamita 400 ku Paris mu 2024. Mtunda umenewu Zambia amaudziwa bwino, ndipo ndi kuzungulira bwalo lanulo kamodzi kokha. Ngakhale ku mpira, Fashion Sakala, amene anali m'timu ya achinyamata yomwe inatenga chikho cha Africa mu 2017 ndipo pambuyo pake anasewera ku Rangers ya ku Scotland, ndi mwana wa ku Chipata konkuno.

Pa ntchito zikuluzikulu, monga kusalaza bwalo ndi giredala kapena kumanga zimbudzi, ganizirani thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu, lotchedwa CDF, limene mu 2022 linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Musayembekezere kuti lidutsa msanga, chifukwa madesiki ndi zipinda zophunzirira zimaikidwa patsogolo, ndipo m'pomveka. Zing'onozing'ono monga laimu ndi mafuta a lole, ophunzira akale mungasonkherane mwa kufuna kwanu, ndalamazo n'kulembedwa poyera, koma mwana aliyense asabwezedwe pabwalo chifukwa kholo lake silinapereke.

Za mwana wanuyo, asadikire kuti zonsezi zithe. Pemphani mphunzitsi wa masewero amuyese nthawi yake pa mamita 100, 200 ndi 400, ndiponso afufuze tsiku la mpikisano wa masukulu a m'boma lanu kuti dzina lake lilembedwe, ngakhale sukulu itatumiza ana asanu okha. Paulendo wotero pakhale mphunzitsi wamkazi woperekeza atsikana. Ndipo pamsonkhano wa makolo ukubwerawu, musatuluke musanamve tsiku lenileni la mpikisano wa mahausi litatchulidwa ndi kulembedwa pa kalendala ya temu yoyamba.