Yankho kwa azakhali pa za mafuta a tameriki

Azakhali, ndamva funso lanu loti kodi mafuta a tameriki (chokometsera ndiwo chachikasu chija) amene akugulitsidwa m'tauni muno mu Harare angachotse madontho akuda amene ziphuphu zinasiya kumaso kwa msuweni wanga, ndiponso ngati ndi abwino kununkhiritsa m'nyumba. Musanatulutse ndalama, muyambe mwazindikira chimene chili m'botolomo, chifukwa zina zolembedwa kuti ndi mafuta a tameriki si mafuta enieniwo.

Enieniwo amachokera ku mizu ya chomera chotchedwa Curcuma longa, cha mtundu umodzi ndi jinja, chimene chimalimidwa kwambiri ku India. Mizuyo amaitcheza ndi nthunzi monga amatchezera kachasu, ndipo mafuta amene amatuluka amakhala ochepa kwambiri. N'chifukwa chake amagulitsidwa m'timabotolo tagalasi takuda ta mamililita 5 kapena 10, pa mtengo wokwera. Chimene ogulitsa ambiri sanena n'chakuti curcumin, amene amapatsa tameriki chikasu chake ndiponso amene anthu amamutama kwambiri, sakwera ndi nthunzi. Amatsalira m'mizu momwemo, ndipo m'mafutamo mumachuluka zinthu zina zotchedwa turmerone. Choncho zabwino zimene mumamva za ufa wa tameriki musaziyembekezere zonse m'mafuta otchezedwa.

Botolo lalikulu lapulasitiki la mafuta achikasu chakuda kawirikawiri limakhala mafuta wamba oviikamo ufa wa tameriki, ndipo vuto lake lalikulu ndi kuthimbiriritsa zovala ndi mapilo. Amene akundidetsa nkhawa ndi aja olembedwa kuti amayeretsa khungu m'masiku ochepa. Tameriki payekha sangachite zimenezo. Mafuta amene akuyeretsa munthu mofulumira chotero amakhala atasakanizidwa ndi mankhwala ena monga hydroquinone, masteroidi ngati clobetasol, mwinanso mekyule. Masteroidi amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, hydroquinone akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchiza kuposa madontho amene munthu amafuna kuchotsa, pomwe mekyule amawononga impso. Mtsikana wa khungu labwino ngati iye asadzaike nkhope yake pa chiswe chifukwa cha madontho amene amazilala okha.

Mukapeza enieni, asawadzole ali okha, chifukwa amawotcha. Pa nkhope, dontho limodzi la mafutawo lisakanizidwe ndi sipuni yaing'ono ya tiyi, ya mamililita 5, ya mafuta ofatsa monga a jojoba kapena a malambe, amene kuno ku Zimbabwe sasowa. Ayambe wapaka pang'ono mkati mwa mkono n'kudikira masiku awiri. Pakafiira kapena kuyabwa, awasiye. Asapake pafupi ndi maso kapena pa chiphuphu chotumbuka, ndipo asawamwe ngakhale wina atamuuza kuti amatsuka m'mimba. Amayi oyembekezera ayambe afunsa kuchipatala.

Kunena zoona, azakhali, chimene chingamuthandize kwambiri si mafutawa. Khungu lathu lakuda likatupa limapanga utoto wochuluka pamalo otupawo, ndipo dzuwa limaonjezera kuda kwake. Harare ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero dzuwa lake ndi lamphamvu ngakhale mu Juni pamene tikunjenjemera ndi chisanu, osanena za Okutobala. Akasiya kufinya ziphuphu n'kumadzola mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 m'mawa uliwonse, madonthowo adzayamba kuzilala, ngakhale kuti zimatenga miyezi. Ziphuphu zikamabwerabe, akaonane ndi dokotala kapena wa ku famase, chifukwa chiphuphu chatsopano chilichonse chingathe kusiya dontho lake.

Za kununkhiritsa m'nyumba n'zosavuta. Fungo lake ndi lofunda, la dothi, lokhala ngati la zokometsera ndiwo, ndipo si onse amalikonda, n'chifukwa chake ena amaonjezamo dontho la mafuta a lalanje. Madontho 3 kapena 4 m'madzi a diffuser (kachipangizo komwaza fungo m'nyumba) kwa mphindi 30 ndi okwanira, zenera lili lotsekula pang'ono. Lingakuthandizeni kupumula madzulo, koma silichiza chimfine kapena nyamakazi. Musayatse diffuser m'chipinda chogona khanda kapena munthu wa mphumu.

Mukafika pogula, jambulani botololo kumbuyo kumene kwalembedwa zosakaniza, munditumizire musanalipire. Likakhala lopanda dzina la Curcuma longa kapena mndandanda wa zosakaniza, mungolisiya pashelefu pomwepo.