Minus ikatuluka, musafufute muvi

Imelo yanu ndaiwerenga katatu, m'bale wanga. Mwati mukamawerengera karenti (magetsi oyenda m'waya) m'seketi (njira yotsekeka imene magetsiwo amazunguliramo) yankho limatuluka ndi minus, ndiye mumafufuta zonse n'kuyambiranso, mpaka mwayamba kuganiza kuti mutu wanu si wa zamagetsi. Zandikhudza kwambiri, chifukwa mawu omwewo ndinkadziuza ine.

Chaka changa choyamba cha maphunziro a zamagetsi, mapepala a kope langa ankabowoka n'kufufuta. Usiku wina ndinakhalira funso limodzi, mabatire awiri ndi ma resistor (tizipangizo tochepetsa karenti) atatu, kutembenuza muvi wosonyeza kolowera karenti kanayi konse. Ndikakonza apa, minus n'kutulukira apo. M'mawa mwake mnzanga wa benchi imodzi ku labu anangosuzumira pepalalo n'kuti, "Iwe, yankhotu uli nalo kale. Minus ikungokuuza kuti karenti ikupita mbali inayo." Misozi inalengeza m'maso. Miyezi yonse ija palibe anandiuza kuti muviwo umangoujambula mongoganizira, masamu ndi amene amadzanena kumene karenti ikulowera.

Sabata yomweyo ndinapsereza fyuzi ya multimeter, mita yoyezera magetsi. Ndinaiika poyezera ma amp (A), muyezo wa karenti, n'kugunditsa timawaya take tiwiri ku mitu ya batire. Kuyambira pamenepo sinawerengenso karenti mpaka titaitsegula. Ndi tsiku limenelo pamene zinandilowa kuti voteji, mphamvu yokankha karenti, imayezedwa pakati pa malo awiri, pomwe karenti umachita kudula njira kuti idutse m'mita momwemo. Buku linanena zimenezi, koma zinakhazikika nditagwira kafyuzi kakudako m'manja.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndi kaphunzitsidwe koyamba ndi mafomula pa bolodi. N'kulakwa basi. Mwana asanalembe equation ngakhale imodzi, mpatseni batire, ma resistor ndi mita, ayeze yekha, aone kuti manambala akugwirizana. Georg Ohm anatulutsa lamulo lake, lakuti karenti ndi voteji kugawa ndi ma ohm (muyezo wa resistor), mu 1827 atayeza mawaya enieni. Gustav Kirchhoff analemba malamulo ake awiri mu 1845 akadali wophunzira ku Königsberg, ali ndi zaka 21 zokha. Ndipo malamulowo si ovuta. Loyamba likuti karenti yolowa pamphambano ya mawaya imafanana ndi yotuluka. Lachiwiri likuti ukazungulira njira yotsekeka n'kubwerera pomwe unayambira, mavoteji onse ukawaphatikiza amapereka ziro. Nodal analysis ndi mesh analysis, njira zowerengera seketi zimene zimaopseza anthu chonchija, ndi malamulo awiri omwewa atangoikidwa mundondomeko. Koma timawaphunzitsa ngati zinthu zoloweza pamtima, ndiye ana anzeru amathawa.

Tsono muchite chiyani?

Jambulani mivi kamodzi, musaikhudzenso mpaka kumapeto. Sankhani malo amodzi kukhala 0 V (V ndi volt, muyezo wa voteji), makamaka mutu wa negative wa batire. Kenako chepetsani seketi pamene ikutheka. Tiyerekeze batire la 9 V, resistor ya ma ohm 1,000, ndiyeno njira n'kugawika pawiri, ya 6,000 ndi ya 3,000, zimene zikukakumananso kutsogolo. Ziwirizo pamodzi zimakhala 2,000: chulukitsani 6,000 ndi 3,000, mugawe ndi 9,000 (6,000 kuphatikiza 3,000). Mukaphatikiza ndi 1,000 ija mupeza 3,000, choncho karenti yochoka m'batire ndi 9 kugawa ndi 3,000, yomwe ndi 0.003 A, kapena kuti 3 mA. Resistor yoyamba yadya 3 V (0.003 kuchulukitsa ndi 1,000), pamphambano patsala 6 V. Njira ya 6,000 itenga 1 mA, ya 3,000 itenga 2 mA, ndipo zikakumana zikubwezera 3 mA ija.

Funso la mabatire awiri munanditumiziralo, lichiteninso ndi mivi yanu yoyamba ija. Yankho la minus 0.5 A limene munafufuta linali lolondola. Karentiyo ndi theka la amp, ikungolowera kosiyana ndi kumene munaloza.